Intron yosiyidwa dala

Pamene ndinkayamba kuphunzira mmene selo la m'thupi limawerengera majini (malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA), ndinaloweza kuti jini ikakoperedwa kukhala uthenga wotchedwa RNA, zigawo zake zotchedwa intron zimadulidwa n'kutayidwa, ndipo zigawo zotsalazo, zotchedwa ma exon, ndi zimene zimalumikizidwa kuti uthenga wa RNA ukapange puloteni. Richard Roberts ndi Phillip Sharp anatulukira zigawozi mu 1977. Intron yopezeka itatsalira mu uthenga ndinkaiona ngati gaga wotsalira mu mphale chifukwa cha kupeta mothamanga.

Chinanditsegula maso ndi kafukufuku amene gulu la John Rasko linatulutsa ku Sydney mu 2013, wokhudza maselo oyera a magazi otchedwa granulocyte. Maselowa akamakhwima, amasiya dala ma intron mu uthenga wa majini ambiri, kuphatikizapo Lmnb1, imene imapanga lamin B1, puloteni yolimbitsa khoma la nucleus, kachipinda ka m'kati mwa selo kosungira DNA. Intron yotsalayo kawirikawiri imakhala ndi chizindikiro choimitsa kuwerenga nthawi isanakwane, ndipo selo likachizindikira limaphwanya uthenga wonsewo, motero puloteni imachepa ngakhale kuti jini ikadawerengedwabe. Nditawerenga zimenezi ndinakayang'ananso pa maikulosikopu magazi opakidwa utoto pa kagalasi, ndipo nucleus ya neutrophil (mtundu wina wa granulocyte), yogawika timagawo titatu tolumikizana ndi kaulusi, imene kale ndinkangoijambula m'kope kuti ndikhoze mayeso, inandionekera mwatsopano, popeza ofufuzawo anasonyeza kuti kusokoneza kuchepa kwa lamin B1 kumasokonezanso maonekedwe amenewa.

Chimene chikundivutabe mutu n'chakuti njira yomweyi imapezekanso mu khansa. Chilembo chimodzi cha DNA chikasintha pamalo odulirapo, intron imatsalira mu uthenga wa majini oletsa zotupa monga TP53 ndi PTEN, uthengawo n'kuphwanyidwa, selo n'kutsala lopanda mabuleki. Mu matenda ena a m'mafupa momwe magazi amapangidwira, vuto limakhala m'makina odulirawo, monga jini ya ZRSR2 ikawonongeka. Nako kachilombo ka HIV kamadalira puloteni yake ya Rev kutulutsa mu nucleus RNA yake imene ikadali ndi ma intron.

Kuyeza kwake n'kovuta, chifukwa intron yopezeka mu RNA ikhoza kukhala ya uthenga umene unali usanamalizidwe kudulidwa. Choncho masiku ano ndisanalembe m'kope kuti intron yatsalira, ndimayamba ndafufuza ngati RNA imeneyo inatengedwa mu nucleus, momwe kudulako kumachitikira, kapena kunja kwake.