Zimene Zinakumbidwa Pansi pa Mtengo wa Mango ku Kawale

Popeza ena mwa inu mwayamba kale kufalitsa zoti apolisi anandinyamula pagalimoto, ndaona kuti ndi bwino ndilongosole ndekha. Apolisi sanabwere. Amene anabwera ndi amfumu, amayi a mapemphero, anyamata awiri a makasu, ndi ana onse a m'Kawale amene anajomba kusukulu tsiku limenelo.

Gwero la zonsezi ndi timabuku toopsa tija tinkagula m'mbali mwa msewu ku Old Town, tina topanda chikuto, tina tothothoka tsamba lomaliza, timene tinkabisa m'kati mwa buku la Biology nthawi ya sitade. R.L. Stine, mlembi yemwe anayamba mabuku oopsa a Fear Street mu 1989 ndi Goosebumps mu 1992, anatiphunzitsa kuti nkhani yoopsa imakoma wofotokozayo akamanena kuti "ine", ndiponso kuti mutu uliwonse uzitha mtima wa wowerenga uli m'mwamba. Vuto ndi loti zoopsa za m'mabuku amenewo zimakonda kuchitikira m'zipinda za pansi pa nyumba, pomwe nyumba ya lendi ku Kawale ilibe ngakhale siling'i. Mlembi wanzeru amagwiritsa ntchito chimene ali nacho, ndipo ine ndinali ndi mtengo wa mango wa a landilodi.

Usiku umenewo magetsi atathima, ndinayatsa kandulo n'kuyamba kuwerenga mokweza zimene ndinalemba, monga momwe alembi onse odziwa ntchito yawo amachitira. Chiganizo chimene chinandivuta chinali ichi: "Ndinamukwirira pansi pa mango, koma usiku uliwonse amadzagogoda pawindo kufuna nsapato yake." Ndinachibwereza monong'ona, ndinachibwereza mwaukali, kenako ndinaonjezerapo kaphwete kuti ndimve ngati kakukhala. Khoma lolekanitsa chipinda changa ndi cha mayi landilodi silifika kudenga, ndipo amene analimanga choncho si ine.

M'mawa ndikutuluka m'bafa, thaulo m'chiuno, ndowa m'manja, ndinapeza bwalo ladzaza ndipo dzenje lafika kale m'mawondo. Ndinayesa kukumbutsa khamulo kuti lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu za ufiti, koma munthu amene ali ndi thovu la sopo m'khutu samveka ngati loya. Amfumu anangoti, "Achimwene, taimani pomwepo, dothi litiuza lokha."

Kenako khasu linagunda chinthu. Mnyamata wokumbayo anawerama pang'onopang'ono, anapalasa ndi zala, n'kutulutsa nsapato. Inali sofiya imodzi yakumanzere, yofiira, yodyeka kuchidendene, ndipo anaiimika m'mwamba pansonga ya ndodo kuti aliyense aione bwino. Ana anathawa n'kubwereranso. Mayi wina anayambitsa nyimbo koma mawu anamuthera pakhosi. Wogulitsa mandasi anasiya beseni lake pansi n'kugwira kumutu. Nsapato ija inkazungulira pandodopo, ikugwetsa timiyala ndi nyerere, ndipo nthawi iliyonse ikaloza kwa ine anthu ankabwerera m'mbuyo. Ndikuuzeni zoona, kwa kanthawi ndithu nanenso ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ndinali kuti zaka zapitazo, chifukwa mlembi sayembekezera kuti zimene wapeka zituluka m'dothi zili ndi saizi.

Mayi landilodi anaiyang'anitsitsa nsapatoyo nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo ine ndikukhulupirira kuti anaizindikira msanga koma anaona kuti nkhani yafika patali. Amene anandipulumutsa ndi kamdzukulu kawo, komwe kanafuula kuti, "Agogo, si nsapato yanu ija anathawa nayo galu?"

Mukhoza kuganiza kuti zinathera pamenepo. Amfumu anaitanitsa kope langa, anavala magalasi, anakhala pampando umene anawabweretsera, n'kuwerenga masamba onse ine ndili chiimire ndi thaulo langa. Atamaliza anavula magalasiwo n'kunena kuti palibe mlandu, chifukwa nkhaniyo si yoopsa ngakhale pang'ono, ndipo mzukwa wake ukuyankhula mwaulemu kwambiri. Anandisonyezanso malo awiri pamene ndinalakwitsa kalembedwe. Ine ndikuti chiweruzo chimenecho n'chokondera, pakuti nkhani yosaopsa singasonkhanitse mudzi wonse dzuwa lisanakwere, ndipo sindikudziwa mlembi wina mu Lilongwe muno amene owerenga ake anafika pogwira makasu.

Ndalama ya ganyu ya anyamata okumba aja ndinalipira ine, ndipo dzenjelo ndinakwirira ndekha. Mayi landilodi alamula kuti mtengo wawo uchoke m'nkhanimo, choncho ndaikamo papaya, ngakhale kuti papaya saopsa. Mutu wachiwiri sindinauyambe, popeza masiku ano ndimalembera ku National Library, kumene salola munthu kuwerenga mokweza.