Mmene ndinasankhira mtsinje wa rafting, ndi tsiku lomwe bwato linagudubuka

Ine poyamba ndinkasankha ndi maso basi. Ndinkangoonera pa YouTube mavidiyo a rafting, komwe ndi kupalasa bwato lopopa mpweya pa mtsinje wa madzi othamanga, bwatolo likulowa m'funde lalitali anthu akukuwa ndi chisangalalo, ndiye mtima wanga wonse unali pa Zambezi kumunsi kwa Victoria Falls. Chomwe chinanditembenuza ndi funso la mnzanga wina amene wapalasa mitsinje yambiri, anangoti "iwe ukagwa m'bwatomo, madziwo akakutula kuti?" Ndinasowa chonena. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana kukula kwa mafunde nkuyamba kufufuza zomwe zimamuchitikira munthu amene wagwera m'madzi, chifukwa zogwa zokhazo ziliko ndithu, ngakhale akadaulo amagwa.

Choyamba ndinaphunzira manambala omwe amapereka kwa ma rapid, malo omwe madzi amathamanga nkumawinduka mumtsinje, kalasi 1 mpaka 6. Sikeloyi anaikonza a bungwe la ku America la American Whitewater ndipo makampani ambiri padziko amagwiritsa yomweyo. Kalasi 1 ndi 2 ndi timafunde tosavuta, 3 mafunde ayamba kukula ndipo pamafunika kupalasa momvera gaidi, 4 ndi madzi amphamvu oti mukaphonya njira bwato ligudubuka, 5 ndi ya akatswiri komwe kusambira kwake nkoopsa komanso kukupulumutsa nkovuta, pomwe 6 makampani sadutsitsapo makasitomala, mumatsika nkuyenda pansi. Samalani mukamawerenga za mtsinje wa Colorado ku Grand Canyon ku America, kumeneko amawerenga 1 mpaka 10, ndiye 5 wa kumeneko si 5 wa kwina.

Koma nambala payokha imanamiza, apa mpomwe ndinatherapo nthawi yambiri. Mitsinje iwiri ingakhale yonse kalasi 4 koma wina rapid ikatha pamabwera dziwe lalitali lodekha, munthu ukagwa umatulukira padziwepo anzako nkukutola. Wina ma rapid ake ndi olumikizana osapumira, ukagwa pamwamba umangokokoloka kuwombeka m'miyala mpaka kutali. Zambezi ndi Nile ya ku Jinja ku Uganda zili m'gulu loyambalo, madzi ambiri, akuya, ofunda, mafunde akuluakulu koma ndi maiwe opumira. Futaleufú ya ku Chile ndi yokongola zedi koma madzi ake ndi ozizira ochokera kumapiri, ndipo kuzizira si nkhani yongomva kuwawa pakhungu ayi, ukagwera m'madzi ozizira mwadzidzidzi thupi limakoka mpweya lokha usakufuna, ngati mutu uli pansi ndiye wakoka madzi, kenako manja amafooka osathanso kugwira chingwe. Mtsinje wotere umafuna wetsuit, chovala chothina chosunga kutentha kwa thupi m'madzi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Kenako nyengo. Mtsinje womwewo umasintha malinga ndi kuchuluka kwa madzi. Zambezi m'chigwa cha Batoka imakhala ndi madzi ochepa cha m'ma August mpaka December ndipo mpamene amayambira pa rapid yoyamba pafupi ndi mathithi, madzi akachuluka amayambira kumunsi, akadzadziratu cha m'ma April kapena May makampani amaimitsa kaye. Mitsinje ina imadalira damu, monga Gauley ku West Virginia ku America yomwe amaitsegulira madzi mu September ndi October. Ndipo madamu amasintha mitsinje, ku Jinja damu la Bujagali litatha mu 2012 ma rapid ena otchuka anamira, la Isimba mu 2019 linamizanso ena, ndiye mukamaonera vidiyo yakale dziwani kuti mwina malowo pano ndi nyanja chabe.

Nditamvetsa zonsezi ndinadzifunsa zoona zake, kodi ndimatha kusambira bwanji, ndipo madzi akandiphimba kumaso mtima umakhala m'malo? Sindinkadziwa, ndiye sindinathamangire Zambezi. Ndinayamba ndi ulendo wa theka la tsiku pa mtsinje wa kalasi 3, ndipo pa dziwe lina ndinapempha gaidi kuti ndidumphire dala m'madzi ndimve mmene life jacket, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, imanyamulira komanso mmene anzako amakukokera m'bwato. Ngati muli ndi ana kapena wina woopa madzi pagulu panu, mtsinje musankhe potengera iyeyo osati wolimba mtima wa gululo, chonde.

Pofika posankha kampani ya ku Zambezi ndinatumiza mafunso omwewo kwa angapo. Magaidi anu ali ndi satifiketi yanji, kaya ya International Rafting Federation kaya ina, nanga anaphunzira first aid ndi kupulumutsa anthu m'madzi othamanga? Pamakhala ma kayak, timabwato ta munthu mmodzi, angati operekeza? Munthu akathyoka mwendo mkati mwa chigwa mumamutulutsa bwanji ndipo mumalumikizana ndi ndani poti foni siigwira kumeneko? Kampani ina inangondiyankha kuti musadandaule zonse zili bho lipirani msanga malo akutha, imeneyo ndinaisiya pompo. Ina inayankha funso lililonse nkundifunsanso ine za asima, mtima, mankhwala omwe ndimamwa, kulemera kwanga, ndiye ndinadziwa kuti awa ndi anthu. Inshuwalansi nayo werengani timalemba ting'onoting'ono tija, zina zimalipira rafting mpaka kalasi inayake yokha.

Tsiku lake ndinavala kabudula ndi malaya ouma msanga, za thonje zimasunga madzi nkumakuziziritsa, ndi nsapato zomanga bwino kuchidendene, patapata amapita pa funde loyamba. Mowa dzulo lake sindinakhudze. Gaidi atandiveka life jacket anaigwira m'mapewa nkuikokera m'mwamba, inakwera mpaka m'makutu, anati iyi ikuvukani m'madzi, anakoka malamba mpaka ndinamva kuthina popuma nkuyesanso, ulendo uno siinasunthe. Helimeti chimodzimodzi, isamagwedere komanso iphimbe chipumi.

Malangizo a pagombe paja mverani ndi makutu onse, ena amakhala akujambula ma selfie nthawi imeneyo ndipo zimandiwawa. Dzanja limodzi lisachoke pa kamutu ka nkhafi kooneka ngati T, chifukwa kakamasuka kamagulula mano a mnzako. Akati get down mukhale pansi m'bwato mutagwira chingwe, akati high side mulumphire mbali yomwe yakwera. Mukagwa gonani chagada mapazi kutsogolo komwe madzi akupita, zala zakumapazi zizioneka pamwamba. Ndipo musaimirire m'madzi othamanga ngakhale akuoneka osaya, phazi likalowa pakati pa miyala madzi amakukankha chafufumimba nkukupanikiza pansi ndipo life jacket siithandiza pamenepo, anthu amamira m'madzi ofika m'chiuno mwanjira imeneyi. Mtengo wogwera mumtsinje muuthawe ndi mphamvu zonse, madzi amadutsa m'nthambi koma munthu amakodwa. Akakuponyerani chingwe gwirani chingwecho osati kathumba kake, chidutse paphewa muli chagada, osachikulunga padzanja. Gaidi akaloza amaloza kopita osati koopsa, ndipo kudzigunda pamutu ndi dzanja ndi kunena kuti ndili bwino.

Tinadutsa ma rapid otchedwa Morning Glory ndi Stairway to Heaven, bwato likuimirira ngati lifuna kugwera chagada koma tili momwemo. Pa rapid ya nambala 9 powerenga motsatana, yomwe amaitcha Commercial Suicide, tinatsika tonse nkuyenda m'miyala, palibe anatsutsa titaona mmene madzi amawindukira pamenepo. Ndiye pa 18, Oblivion, gaidi anatiuziratu kuti mafunde ndi atatu ndipo lachitatulo limagudubuza mabwato ambiri, anatikumbutsa zonse kachiwiri. Loyamba tinadutsa, lachiwiri tinadutsa, lachitatu ndinangoona khoma loyera kutsogolo kenako mdima.

Ndinali pansi pa bwato. Helimeti ikugunda mphira pamwamba, phokoso lili m'makutu, ndipo thupi lonse likufuna kuphiriphitha. Ndinakumbuka zomwe anati, ukakhala pansi pa bwato sankha mbali imodzi uziyenda ndi manja osasinthasintha, ndiye ndinayamba kukankha mphirayo dzanja ndi dzanja mpaka kuwala kunaoneka. Nditatulukira ndinakoka mpweya molakwika funde lili pankhope, ndinamwa madzi, kutsokomola, kenako ndinagwira kachitidwe kake, upume pamene watsikira pakati pa mafunde, funde likamabwera tseka pakamwa tembenuza nkhope. Miyendo inkafuna kufufuza pansi yokha, ndinaikweza dala mpaka ndinaona nsapato zanga zili pamwamba pa madzi. Mwina zonsezi zinali masekondi ochepa chabe koma kwa ine zinatalika. Kenako mafunde anachepa, dziwe lija ndinalifufuza miyezi yonse ija linafika, wa kayak anali kale pambali panga akuti gwirani kumbuyoku muzimenya miyendo. Ndinadzigunda pamutu kumuuza kuti ndili bwino. Gaidi anali atakwera pamimba pa bwato, analitembenuza ndi chingwe, anatiwerenga mmodzimmodzi mokweza mpaka tinakwana, nkuyamba kutikoka pogwira malamba a m'mapewa a life jacket, osati manja.

Chimodzi chomwe sindinachikonzekere mokwanira ndi kutuluka m'chigwamo. Ulendo ukatha pamakhala chikweza chachitali chotsetsereka, dzuwa likuotcha, miyendo ili njenjenje chifukwa chopalasa tsiku lonse, ndinaima kupuma kangapo ndipo madzi akumwa omwe ndinasunga ndi amene anandifikitsa pamwamba. Ngati muli ndi vuto la mawondo kapena mtima funsani kampani za potulukira musanalipire, kaya ndi poyenda pansi kaya pali chokwera, chifukwa zimasiyana malinga ndi malo omwe ulendo wanu ukathere.