Kukaphunzira kukonza makoma akale ku Nkhotakota

Ndinanyamuka ku Salima pa minibasi kudzera msewu wa M5, ulendo wa kwa mmisiri wina wachikulire wa ku Nkhotakota amene amadziwa kukonza nyumba za njerwa zomangidwa m'nthawi ya amishoni. Nyumba zoterozo zilipo ndithu m'tauniyi, pakuti amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), anakhazikika kuno mu 1894, pamalo pamene Jumbe, mfumu yachiswahili, ankachitira malonda a akapolo, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints.

Bambowo ananditengera ku nyumba ina yakale imene khoma lake linali kufumbutuka m'munsi, nandiuza kuti ndiligogode. Pamene wina anamatapo simenti pankamveka phwaphwa, ndipo titagamula pulasitalayo tinapeza njerwa zonyowa, zofewa moti zinkanyenyeka m'manja. "Mwanawe, njerwa izi zinaumbidwa pamanja ndipo zimafuna kupuma," anatero. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, chinyezicho n'kumadya njerwa, pamene laimu amachilola kutuluka, ndiponso amakhala wofewa kuposa njerwayo, kotero kuti khoma likasuntha pang'ono chimene chimang'aluka ndi matope a m'mizere, osati njerwa.

Ntchito yeniyeniyo ndi yofuna kudekha. Tinkakolopola matope akale m'mizere ndi kachitsulo, kuthiramo madzi, kenako kukanikiziramo laimu wosakaniza ndi mchenga wosefa, muyezo umodzi wa laimu pa itatu ya mchenga. Chifukwa cha kutentha kwa kunyanja, tinkaphimba khomalo ndi masaka onyowa, popeza laimu akauma msanga amang'ambika asanalimbe. Amayabwanso m'manja, ndipo bambowo sankalola munthu kumugwira opanda magolovesi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti iwo sankathamangira khoma. Ankayamba ayang'ana kudenga, kufufuza lata lodontha ndi matabwa odyedwa ndi chiswe, kenako pansi, kuona kumene madzi a mvula amathamangira. Ngalande yaing'ono imene tinakumba mozungulira maziko anaiwerengera kuposa ntchito ina yonse.

Achinyamata amene ndinacheza nawo pamalopo anaphunzira kumanga ndi simenti yokha, ndipo ndikuona kuti sukulu zathu zaumisiri ziyenera kuitana akuluakulu ngati amenewa kuti akaphunzitse akadali ndi mphamvu. Ine ndapangana ndi bambowo kuti ndidzabwerera mvula ikatha, tikakonze khonde lakumbuyo limene mizati yake yayamba kupendekeka.