Musanatsike Thabwa ndi kope la kafukufuku, jambulitsani kalata zanu

Ndatuluka m'chigwa cha Shire dzulo, makope anayi atadzaza, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire. Kafukufuku wanga ndi wa chikhalidwe cha anthu: n'chifukwa chiyani mabanja ena amabwererabe kumadimba ndi kumanda a makolo awo ngakhale auzidwe kuti asamukire kumtunda. Za kulemba pulopozo (dongosolo la kafukufuku wanu) ndi kudikira komiti yopereka chilolezo sindinenapo, amene mwafika pamenepa mukuzidziwa kale.

Chimene palibe anandiuza ndi chidindo. Kalata ya komiti payokha sikulowetsani m'mudzi, pamafunikanso ina yokudziwitsani kwa mafumu. Ofesi yake sinditchula. Lolemba akuti bwana ali kumsonkhano. Lachiwiri bwana alipo, asayina, koma chidindo chili m'dirowa ndipo wamakiyi wapita kumaliro. Lachitatu makiyi abwera, basi kalata yanga ya komiti, yeniyeniyo, imene ndinasiya Lolemba, yasowa! "Achimwene, kodi munasiyira ndani?" Ine pabenchi, dzuwa la Okutobala, malaya atamatirira kumsana, ndalama ya malo ogona ikungotha. Anandipulumutsa ndi aphunzitsi anga, amene ananditumizira ina pa WhatsApp, komabe ndinadikira magetsi mpaka madzulo kuti isindikizidwe. Musamasiye kalata yeniyeni paliponse. Jambulitsani mafotokope khumi muli ku Blantyre.

Kwa mafumu kunayenda bwino. Yambirani kwa mfumu yaikulu, kenako gulupu, kenako nyakwawa. Mukadumpha mmodzi mudzabwereranso pakabaza.

Vuto linali kope. Kuno madzi anavuta mu 2019 ndi namondwe wa Idai, mu 2022 ndi Ana, mu 2023 ndi Freddy, ndiye mlendo aliyense wogwira cholembera amaoneka ngati wabwera kudzalemba mayina a olandira chithandizo. Tsiku loyamba pansi pa mtengo panadzaza. Nditatulutsa fomu yoti asayine kuti avomera kucheza nane, gogo wina anandigwira dzanja. "Mwanangu, langa ulembe bwinobwino, ulendo watha anandidumpha." Ndinachita kuimirira n'kunena kuti ndilibe ufa, ndilibe lona, ndine mwana wasukulu. Ambiri ananyamuka, ndipo sindikuwadzudzula. Gogo uja anatsala.

Ndaiwala, izi n'zofunika kukonzeratu pulopozo isanapite kukomiti: pemphani kuti munthu azitha kuvomera pakamwa, inu n'kujambula mawu ake. Fomuyo ikhaleponso m'Chisena. Ine ndinadalira Chichewa changa. Ndi Amang'anja tinkamvana, koma ku Nsanje agogo akalowa nkhani ya maliro m'Chisena ndinkangotola "takhuta" basi. Womasulira asakhale mbale wa nyakwawa, anthu amameza mawu. Ndipo polemba zojambulidwazo yambani ndi chilankhulo chimene munthu wayankhula, Chingerezi chibwere pambuyo, apo ayi mudzalemba maganizo a womasulira.

Mafunso makumi awiri amene ndinakonzeratu sanaphule kanthu kwenikweni. Nkhani zinatuluka kudimba, ine nditagwira khasu molakwika iwo akundiseka. Kumeneko ndi kumene gogo anandiuza kuti kumtunda kuli nyumba koma kulibe chinyezi, ndipo amuna awo anagona kuno, angawasiyire ndani? Za Mbona wa ku Khulubvi, mzimu umene anthu amaupempha mvula, anaziyamba okha, ine osafunsa. Zotere mumalemba usiku womwewo, udzudzu ukulume bwanji, chifukwa pofika mawa mumakhala mutazikongoletsa. Lembaninso pamene munali inuyo ndi zimene munalakwitsa. Masiku ano m'maphunziro athuwa wofufuza sabisala, owerenga amafuna kudziwa kuti anthuwo ankayankhula ndi ndani.

Mayina ndasintha onse, la mudzi lomwe, popeza m'mudzi waung'ono "mayi wamasiye wa mbuzi zitatu" aliyense amamudziwa. Ndalonjeza kubwerera mvula ikatha kuti ndikawawerengere zimene ndalemba ndisanapereke.

Kalata yachidindo ija, ya masiku atatu, anaifunsa munthu mmodzi yekha, mlembi wa mfumu. Sanandibwezere. Mwayi inali fotokope.