Dzina la mkwati apa

Komiti ya ukwati wa mlongo wanga inakumana pakhonde pa malume ku Area 49, ndipo pogawana ntchito ine anandipatsa yopepuka kuposa zonse: kukonza makhadi oitanira anthu. Ena anapatsidwa yofunafuna holo, ena yosaka nkhuku 60, ena yokanyengerera DJ kuti atsitseko mtengo. Ine kungolemba mizere isanu ndi umodzi pa laputopu, kuika timaluwa m'mbali, basi. Ndimadyera zomwezi, moti ndinadziguguda pachifuwa n'kulonjeza kuti pofika mawa madzulo khadi likhala lili pa gulu la WhatsApp. Anthu anaomba m'manja. Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi.

Ndiyambe ndaulula kuti ndili ndi ADHD, vuto la mu ubongo limene limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Anandipeza nayo ndili ndi zaka 31. Dokotala anandifunsa kwambiri za ubwana wanga, chifukwa zizindikiro zake zimayenera kukhala zitaoneka munthu asanakwanitse zaka 12. Ndinamuuza kuti aphunzitsi a Sitandade 5 ankandikhazika kutsogolo, mphuno itatsala pang'ono kugunda bolodi, koma ndinkatha kusochera ndili pomwepo. Iye anandifotokozera kuti kuseri kwa chipumi kuli mbali ya ubongo imene imagwira ntchito ngati kapitawo, yokonza zochita ndi kunena kuti "tiyeni tiyambe", ndipo imadalira kwambiri dopamine, mankhwala achilengedwe amene ubongo umapanga wokha. Kapitawo wanga samva zoti chinthu ndi chofunika. Amadzuka chikakhala chatsopano, chosangalatsa, kapena nyumba ikayamba kupsa.

Ine ndimazifanizira ndi minibasi ija imene dalaivala wake amaimika pamalo otsetsereka nthawi zonse. Injini ili bwinobwino, mafuta alimo, koma sitata inafa. Ikalira imathamanga mpaka okwera kuyamba kupemphera. Vuto ndi kulirako.

M'mawa mwake ndinakhala pampando nthawi ili 7 koloko, tiyi ali pambali, mtima uli mbee. Nditatsegula laputopu ndinaona fumbi pakati pa mabatani. Munthu sungakonze khadi la ukwati wa mlongo wako pa makina afumbi. Ndinapukuta. Kenako tebulo linaoneka lonyansa poyerekeza ndi laputopu yoyerayo. Pofika masana ndinali nditakolopa nyumba yonse, kuchapa makatani, ndi kukwecha mapoto amene ndinali nditaiwala kuti mtundu wake weniweni ndi woyera. Alandilodi anaima pakhomo n'kufunsa mosamala ngati ndikusamuka kapena kukubwera mlendo wamkazi.

Tsiku lachitatu ndinafika patali ndithu. Ndinatsegula khadi lakale limene ndimayambirapo, lokhala ndi malo olembedwa kale kuti pano dzina, pano tsiku, pano malo. Ndinayamba ndi malo: holo ya ku Area 47. Ndiye funso linandilasa. Bwanji Area 25, komwe ndimakhala, ili kumpoto cha ku Kanengo, pomwe Area 24 ili kutali kummwera? Anawerenga ndani? Ndinati ndingoona kamphindi pa intaneti. Tambala woyamba analira ine ndikudziwa kuti manambala a madera a mu Lilongwe sanatsate kuyandikana kwa malo koma nthawi imene deralo linapatsidwa nambala, ndiponso kuti likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Ndinali nditajambula ngakhale mapu papepala. Pa khadi panali mawu awiri okha: "Area 47".

Anthu amaganiza kuti wozengereza amakhala akusangalala kwinakwake. Ayi ndithu. Masiku ambiri ndinkangokhala pampando paja, khadi likundiyang'ana, ine ndikuliyang'ana, dzanja lili pafupi ndi mabatani koma lolemera ngati munsi. Ndikudziwa chochita, ndikudziwa kuti ndi cha mphindi 20, ndikufuna kuchichita. Koma thupi zii. Sindinkapitanso kukaonera mpira, poti munthu amene sanamalize makhadi sayenera kusangalala. Ndiye makhadi osapangidwa, mpira osaonera, nsima osakoma.

Malume anayamba kuimba foni sabata yachiwiri.

"Bambo, makhadi aja ali pati?"

"Atsala pang'ono, malume. Ndikungosalaza m'mbali."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero, n'kudula.

Sindinayankhe, chifukwa mkulu sabwezeredwa mawu. Koma dokotala uja anandiuzanso kuti ADHD imayenda kwambiri m'magazi a pabanja, ndipo malume omwewa ali ndi galimoto imene inakwera pamiyala nthawi ya Bingu, akuti aikonza Loweruka likubwerali. Nkhuku zaswera mmenemo mibadwo ingapo.

Sabata yachitatu ndinasiya kutsegula gulu la WhatsApp. Yachinayi ndinakumana ndi azakhali pamsika wa Tsoka, ndipo ine, bambo wandevu zanga, ndinanyonyomala kuseri kwa mulu wa kaunjika n'kumanamizira kusankha madiresi a ana. Wogulitsa anandifunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati. Ndinati zinayi. Ndinagula awiri. Mwana ndilibe.

Chinandipulumutsa ndi agogo. Anabwera kuchokera ku Mchinji kudzathandiza zokonzekera, ndipo anafikira kwa ine chifukwa kwa malume kunali kutadzaza. Lachisanu masana, kutatsala tsiku limodzi kuti komiti ikumane ndi akuchimuna, anayala mphasa pafupi ndi tebulo langa, n'kukhala pansi ndi lichero ndi thumba la mtedza, n'kuyamba kusenda. Sanandifunse kanthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Kunkangomveka thwa, thwa, thwa. Ndipo sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangozindikira zala zanga zikuyenda. Azungu anaipatsa dzina njira imeneyi, amati body doubling: munthu wina kungokhala pafupi akuchita zakezake, iwe n'kupeza poyambira. Makolo athu ankaitana dima kalekale, munda wa munthu mmodzi n'kutha tsiku limodzi, popanda kuutchula m'Chingerezi.

Mphindi 25, khadi linatha. Linali lokongola, ndisaname. Maluwa agolide, zilembo zopendekeka, vesi pamwamba, nambala yotumizira ndalama pansi kwa amene sadzakwanitsa kufika pa perekaniperekani. Ndinaonetsa agogo. Iwo sawerenga, koma anati maluwawo ndi abwino.

Minibasi inali italira tsopano, ndipo inalibe mabuleki. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka ku Old Town, chipewa cha mwini wake chikundigwedera m'mutu, n'kukafika pa kashopu kena kosindikiza atatsala pang'ono kutseka. Mnyamata wa pamakina anayang'ana pa kompyuta, kenako anandiyang'ana ine.

"Biggie, mwawerenga bwinobwino?"

"Ndakonza ndekha," ndinatero. "Makhadi 250. Pepala lolimba lija."

Anakweza mapewa n'kudina.

Loweruka ndinafika kwa malume mochedwerako dala, kuti onse andione ndikulowa ndi katoni. Akuchimuna anali atakhala kale pamipando, alamu anga ali pakati atavala shati yositidwa bwino. Ndinaika katoni patebulo ngati munthu wobwera ndi nyama kuchokera ku uzimba. Malume anavala magalasi, n'kutsokomola, n'kuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu awo a kutchalitchi aja. Anawerenga vesi. Anawerenga mayina a mabanja onse awiri. Anawerenga kuti tikukuitanani ku ukwati woyera wa mwana wathu, n'kutchula dzina la mlongo wanga momveka bwino, "ndi..."

Anaima. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuvalanso.

"...ndi DZINA LA MKWATI APA."

Zilembo zazikulu, zagolide, zopendekeka. Pa makhadi onse 250.

Pakhonde panagwa bata loti ndinkamva nkhuku ikutetera m'galimoto muja. Ankhoswe akuchimuna anatenga khadi lina m'katoni, mwina poganiza kuti limenelo lokha ndiye lalakwika. Anatenganso lina la pansi penipeni. Alamu anga anangoti, "Achimwene, zaka zitatu tikudyera limodzi chiwaya, dzina langa simulidziwa?" Mlongo wanga sanayankhule. Anangondiyang'ana ndi diso lija limene anandiyang'ana nalo tsiku limene ndinasiya mbuzi zikudya ufa pamphasa ine ndikutsatira bilimankhwe.

Agogo anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Atawafotokozera, anaganiza pang'ono.

"Inetu ndikuona kuti mwanayu wachita mwanzeru," anatero. "Amuna a masiku ano sadziwika. Uyu akathawa, makhadi sawonongeka."

Akuchimuna ndi amene anayamba kuseka, mwamwayi, ndipo ankhoswe awo anaseka mpaka kutsamwa ndi thobwa. Ndalama yosindikizanso panalibe. Anagwirizana kuti agule timapepala tomata, ine ndilembe dzina la alamu ndi cholembera pa kalikonse n'kumata pa khadi lililonse, zonse zithe pofika Lolemba. Anandipatsa tebulo, mpando, ndi cholembera chakuda. Ndinachitsegula. Ndinayang'ana mulu uja. Kenako ndinaona kuti mwendo umodzi wa tebulo unali waufupi pang'ono, ndipo ndinadzuka kuti ndikapeze kachikatoni koikapo.

"Khala pansi!" anakuwa malume. "Amayi, tengani lichero lanu mukhale naye apo."

"Mtedza unatha dzulo," anatero agogo.

Malume anapisa m'thumba, n'kutuma mwana kumsika kuti akagule ndowa yathunthu, wosasenda.