Usiku umene atate anabanika

Atate akhala akukoka fodya wopichira okha kuyambira ali mnyamata kwathu ku Chadiza. Mu June, kuzizira kutafika poipa, matenda awo a m'mapapo, aja amati COPD, anawuka. Mpweya unkachita kulira m'chifuwa, milomo itada bii. Tinathamanga nawo kuchipatala kuno ku Chipata.

Ndinawatengera pambali adokotala. "Ndiuzeni zoona, achira?"

Anatulutsa kapepala n'kundifotokozera za DECAF, njira yoyezera ndi mapointi chiopsezo cha imfa kwa odwala otere, imene madokotala a ku England anafalitsa mu 2012. Amaona zinthu zisanu: mmene munthu amabanikira masiku onse, kuchepa kwa maselo a magazi otchedwa eosinophil, chibayo pa X-ray, asidi m'magazi, ndi mtima wogunda mosokonezeka. Mapointi 0 kapena 1, chiopsezo cha imfa n'chochepa. Kuyambira 3, zavuta.

Kenako anafunsa ngati atate amasamba ndi kuvala okha. Amayi anayankha mwachangu: "Kusamba amasamba okha, koma pakhomo satulukanso." Pointi imodzi imeneyo. Chibayo chinawonjezera ina.

Usiku ndinafuna kukweza okosijeni poona makina oyezera okosijeni m'magazi akusonyeza 90. Anesi anandigwira dzanja: kwa odwala otere, pakati pa 88 ndi 92 mpokwanira, wochuluka amatha kuwapweteka.

Atate anatuluka patatha sabata. Fodya wawo amayi anamutaya m'chimbudzi.