Madayisi anayi, laling'ono n'kulitaya

Loweruka timakumana kwa achimwene ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, kusewera Dungeons & Dragons, masewera a madayisi omwe aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka m'nthano. Mkangano umabuka tisanayambe n'komwe: manambala a munthu wako uwapeza bwanji?

Munthu wa m'masewerawa amayezedwa pa zinthu 6: mphamvu, changu, kulimba thupi, nzeru, kuzindikira ndi chikoka. Ine ndimakonda kuponya madayisi anayi a mbali 6, kutaya lomwe lagwa pa nambala yochepa, n'kuphatikiza atatu otsalawo. Umatero pa chinthu chilichonse, ndipo nambala imagwa pakati pa 3 ndi 18.

Achimwene safuna n'kumva komwe. "Iwe, wina akapeza 18 mnzake ali ndi 7, masewera akomera mmodzi." Iwo amafuna aliyense atenge 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, aike pomwe akufuna. Ndimawamvetsa, ndiwo amayendetsa masewera.

Komatu nambala yochepa ndimaikonda zedi. Munthu wanga, yemwe ndi msilikali, ali ndi chikoka cha 6, choncho akamanyengerera mlonda wa pachipata ndimachotsa 2 pa dayisi. Mlonda amamuthamangitsa, ndiye munthu wa alamu anga, yemwe ndi wansembe, amamulankhulira, ndipo ubwenzi wa awiriwa unayambira pamenepo. Mu 1974, masewerawa atangotuluka, ankaponya madayisi atatu okha motsatana, osasankha poika. Mwezi wamawa ndipempha achimwene tiyeseko njira imeneyo.